Phunziro: Kumanga Mapaipi a Mphika Wofululira Kuti Asatiotche

Amayi anzanga m'mabungwe a m'parishi, ambiri a inu mukuphika thobwa, chakumwa cha chidede, juwisi wa malambe kapena mkaka wa soya kuti mugulitse pa msika, pa sukulu ndi pa zikondwerero za ku tchalitchi. Ntchito ikakula, mtsuko ndi chikho zimachepa. N'chifukwa chake magulu ena akagawana ndalama za banki m'khonde amasonkherana n'kugula mphika waukulu wa chitsulo chosachita dzimbiri, wa malita 30 kapena 50, wokhala ndi mpopi cha m'munsi. Ena amapita ndi poto wawo wakale kwa owotcherera kuti amuike mpopi. Pa mpopi umenewu timalumikizapo paipi yofewa. Phunziro la mwezi uno likunena za paipi imeneyi, makamaka pamene yagwirana ndi chitsulo, chifukwa ngozi imayambira pamenepo.

Ntchito ya paipi yozungulitsa

Miphika ina imabwera ndi pampu yaing'ono yoyendera magetsi. Zophikazo zimatuluka pa mpopi wa m'munsi, kudutsa mu paipi, kulowa mu pampu, kenaka kukwera ndi paipi ina n'kubwerera mu mphika momwemo cha pamwamba. Miphika yotere inapangidwira anthu ofulula mowa wa balere m'nyumba zawo, monga amachitira ku Ulaya, ku America ndi ku South Africa, koma chifukwa chake inu mukuchidziwa kale. Pansi pa mphika pamatentha kuposa pamwamba. Chimera chimasandutsa ufa kukhala zotsekemera pamene kutentha kuli pakati pa madigiri 60 ndi 70, ndipo kukafika cha m'ma 80 mphamvu yake imafa. Mayi wodziwa thobwa sathira chimera mu phala lobwata. Amadikira lizizireko, ndipo mthiko suchoka m'manja. Pampu ikugwira ntchito ya mthiko yomweyo: kusakaniza za pansi ndi za pamwamba kuti kutentha kufanane ndiponso kuti pansi pasapserere.

Koma phala lolimba la thobwa musalidutsitse mu pampu. Limatseka njira, ndipo pampu ikamakankha potsekeka mphamvu yonse imathera polumikizira. Pampu ndi ya zinthu zamadzimadzi zosefa kale. Ngati mphika wanu ulibe pampu, koma muli ndi paipi yotsitsira zotentha mu ndowa kapena m'mabotolo, zambiri zimene zili m'phunziro lino zikukukhudzaninso.

Kutentha kumene kuli mu paipimo

Kwathu kuno madzi amawira pa madigiri pafupifupi 100 m'malo otsika ngati ku Nsanje, ndi pafupifupi 95 m'malo okwera ngati ku Dedza. Koma madzi safunika kuwira kuti avulaze munthu. Madzi a madigiri 60 amatha kuwononga khungu la munthu wamkulu mpaka mkati m'masekondi pafupifupi 5. Akafika madigiri 70, sekondi imodzi ndi yokwanira. Khungu la mwana ndi lopyapyala, limapsa msanga kuposa pamenepa. Ndiye kuti ngakhale pa nthawi imene timati "zazizirako, tithire chimera", zimene zili mu mphika zikhoza kumugoneka munthu m'chipatala. Zotsekemera ndi zaphalaphala zimaposa madzi wamba pakuvulaza, chifukwa zimamatirira pa khungu n'kumapitiriza kuotcha.

Pampu yaing'ono imatha kutulutsa malita oposa 10 pa mphindi imodzi. Paipi ikavuka, pofika pamene wina wathamanga kukazimitsa magetsi, theka la ndowa latayika kale. Ndipo silitayikira pansi mwaulemu ayi. Paipi yovuka imapalapata ngati njoka yopondedwa mchira, kumwaza zotentha m'miyendo ya aliyense amene ali pafupi. Mpopi uli m'munsi mwa mphika, pa msinkhu wa nkhope ya mwana wokwawa kapena woyamba kumene kuyenda. Inu amene mumayendera odwala, ngati munalowapo mu wodi ya anthu opsa ku Queen Elizabeth ku Blantyre kapena ku Kamuzu Central ku Lilongwe, mukudziwa kuti zilonda za moto zimatenga masabata, nthawi zina miyezi, ndipo mayi amasiya munda ndi bizinesi kukakhala pa bedi la mwana.

Chifukwa chimene paipi imavukira

Apa ndi pamene ambiri timanamizika. M'mawa, zonse zili zozizira, mukankha paipi pa mpopi, muikoka, muona kuti yagwira zolimba. Simunalakwe kuona, inagwiradi. Koma pulasitiki ikatenthedwa imafewa ndi kutanuka, pamene chitsulo cha mpopi chimangokhala pafupifupi mmene chinalili. Paipi imene inaluma chitsulo m'mawa imakhala itakhwepa pofika nthawi imene zinthu zatentha. Onjezanipo kuterera kwa shuga kapena mkaka wa soya umene walowerera pakati, kulemera kwa paipi yodzaza imene ikulendewera, ndi kukankha kwa pampu. Paipi siigwa nthawi imodzi. Imasuntha pang'onopang'ono osaoneka, mpaka wina aikhudze ndi chitenje podutsa.

Ndiponso paipi imene yatenthedwa ndi kuzizira kambirimbiri imakula kukamwa osabwereranso. Mukaona nsonga yake yayasama ngati belu, kapena yachita ming'alu, duleni kachidutswa ndi mpeni wakuthwa, modula mowongoka, kuti muyambire pabwino.

Paipi yoyenera

Si paipi iliyonse yofewa imene ingalowe pa mphika wa zakudya. Paipi yothirira dimba siinapangidwire zakumwa za anthu, ndipo ikatenthedwa imatulutsa fungo ndi mankhwala a mu pulasitiki zimene zimalowa mu chakumwa. Paipi imene inadutsamo petulo, dizilo kapena mankhwala opopera mbewu musaiyese n'komwe, ngakhale mutaitsuka kangati. Paipi yoonekera mkati ija imene amagulitsa pa mita m'mahadiweya, yambiri ndi ya PVC, ndipo imayamba kufewa ikapitirira madigiri 60 kapena 70. Ndi yabwino pa madzi ozizira basi.

Yoyenera zotentha ndi ya silikoni, yolembedwa kuti ndi ya zakudya. Imapirira kutentha koposa madigiri 150 ndipo siisiya fungo. Ndi yodula, ndipo m'matauni ang'onoang'ono simungaipeze msanga, koma mita ziwiri kapena zitatu zimakwana mphika umodzi. Posankha, tengani ya khungu lochindikala, chifukwa yopyapyala imapindika n'kutseka njira.

Kukula kwa bowo la paipi kufanane ndi kamlomo ka mpopi. Miphika yambiri yotere ili ndi kamlomo ka theka la inchi, amene ndi mamilimita pafupifupi 13. Popita kukagula, masulani kamlomoko mupite nako, musangoyerekeza ndi maso. Paipi yabwino ndi imene ikuvuta kulowetsa. Imene yangolowa yokha ndi yaikulu, ndipo ngakhale mutaimanga chotani idzadontha. Kamlomo kenikeni ka paipi kamakhala ndi timizere totukuka ngati mano, toti paipi ilowe koma ivute kubwerera. Ngati wowotcherera anakuikirani kachitsulo kosalala kopanda mano, bwererani akakusinthireni, chifukwa pa chitsulo chosalala paipi yotentha ilibe pogwira.

Kamangidwe kake

Chomangira chake ndi kalamba wachitsulo kokhala ndi sikulu, kamene amakanika amamangira mapaipi a madzi a mu injini ya galimoto. M'mahadiweya amati hose clamp, ife tingoti kilampu. Gulani za chitsulo chosachita dzimbiri, ndipo pakhale kilampu pa nsonga iliyonse ya paipi: potuluka mu mphika, polowa mu pampu, potuluka mu pampu, ndi pobwerera mu mphika ngati palinso kamlomo.

Yambani mwalowetsa kilampu ku paipi, ili yomasula. Viikani nsonga ya paipi m'madzi otentha kwa kanthawi kuti ifewe, kenaka ikankheni mopotokola mpaka idutse mano onse n'kukagunda kumapeto. Musapake mafuta ophikira kapena sopo kuti ilowe msanga, chifukwa chimene chaithandiza kulowa chidzaithandizanso kutuluka. Tsopano sunthani kilampu ikakhale kuseri kwa dzino, cha ku mphika, ndipo kansonga ka paipi kazionekerako pang'ono kupitirira kilampuyo. Kilampu ikakhala kutsogolo, kumene chitsulo chathera, ikungofinya paipi yokha ndipo siikugwira kanthu.

Mangani sikulu mpaka paipi ikane kuzungulira mukaipotokola ndi dzanja. Pamenepo lekani. Silikoni ndi yofewa, ndipo mukapitiriza kumanga mpaka iyambe kutumphukira m'timabowo ta kilampu, mukuicheka. Paipi yochekeka imaphulikira pomwepo tsiku lina. Ngati mungapeze makilampu osalala mkati, ndi abwino koposa.

Ndikudziwa kuti m'makomo mwathu mphira wa chubu cha njinga amamanga chilichonse, kuyambira mtolo wa nkhuni mpaka mpopi wodontha. Pa madzi ozizira ndilibe naye mlandu. Pa zotentha ayi. Mphira amafewa ndi kutentha komweko kumene kukufewetsa paipi, ndiye zonse ziwiri zimalekerera nthawi imodzi. Waya wopota ndi pulaya amagwira, koma ndi wopyapyala, amalowa mu paipi yofewa ngati mpeni. Msungichuma akamati makilampu adikire mwezi wamawa, mufunseni kuti thiransipoti yopita ku chipatala chachikulu ndi kubwerako ndi ndalama zingati.

Nsonga yobwerera mu mphika

Ambiri amasamala za m'munsi n'kuiwala za pamwamba. Amangoponya nsonga ya paipi mu mphika n'kuipanikiza ndi chivundikiro, mwina n'kusanjikapo njerwa. Zimayenda bwino mpaka pamene wina wabwera kudzavundukula kuti aone ngati zapsa. Akangonyamula chivundikiro, paipi imadumpha, ndipo amene wawerama pa mphikayo ndi amene amalandira pa chifuwa ndi kumaso.

Nsonga imeneyi ikhale ndi pake pokhazikika posadalira chivundikiro. Njira yabwino ndi kuikitsa kamlomo kena cha pamwamba pa mphika, kuti paipi imangidwe ndi kilampu monga m'munsi. Ngati zimenezo sizinatheke, mangirirani paipi ku chogwirira cha mphika molimba, pawiri, mosaifinya, ndipo nsonga yake ilowe mkati ndithu, yoloza ku khoma la mphika kapena yomira pang'ono, kuti zisamathovukire kunja. Mkaka wa soya umachita thovu n'kusefukira mwadzidzidzi, choncho musadzaze mphika mpaka m'milomo ndipo chivundikiro musachimange.

Njira imene paipi ikudutsa

Paipi ikhale yaifupi, yongokwana. Yaitali imagona pansi pamene anthu akuyenda, ndipo phazi likaikola limakoka mpopi, mwinanso mphika umene. Mphika wa malita 50 wodzaza umalemera makilogalamu oposa 50, ngati thumba la feteleza, ndipo ukapendekeka pa mafuwa palibe angaugwire. Ukhale pa malo olimba, osagwedera. Mpopi uloze ku khoma kapena kumbali kumene sikudutsa anthu, osati ku khomo. Ngati mukuphikira pa nkhuni, pa mbaula kapena pa gasi, onani kumene lawi likunyambita, chifukwa moto wokwera m'mbali mwa mphika umawaula paipi ndi chogwirira cha mpopi. Kachidutswa ka lata koimika pakati pa moto ndi mpopi kamathandiza.

Pampu ikhale m'munsi kuposa mpopi kuti zamadzi zizitsikiramo zokha, koma isakhale pa dothi ponyowa. Iikeni pa thabwa kapena pa njerwa. Musailize ilibe kanthu mkati, imawonongeka. Mukafuna kuchepetsa liwiro, chepetserani pa kampopi ka kutsogolo, kumene pampu ikutulutsira, osati pa mpopi wa mphika. Ndipo musatseke kutsogoloko kotheratu pampu ikulira, chifukwa paipi ya pakati imafufuma.

Yesani ndi madzi musanathire ufa ndi shuga

Tsiku loyamba, ndiponso nthawi iliyonse imene mwasintha paipi, yambani ndi madzi okhaokha. Thirani madzi ozizira, tsekulani mpopi, yatsani pampu, ndipo pititsani kansalu kouma polumikizira paliponse. Pakanyowa, pakudontha. Kenaka sonkhani moto madziwo atenthe mpaka pamene mumafikitsa zophika zanu. Kuyesa kwenikweni ndi kumeneku, chifukwa paipi tsopano yafewa. Zimitsani pampu, tsekani mpopi, ndipo ndi nsalu yochindikala m'manja yesaninso sikulu ya kilampu iliyonse. Kawirikawiri mudzapeza kuti ikulola kumangidwanso pang'ono. Lembani kamzere pa paipi, pamene yathera pa chitsulo, kapena kumbukirani mpata umene ulipo, kuti pophika muzitha kuona ndi maso ngati yayamba kusuntha.

Pakayamba kudontha muli mkati mophika, musamange kilampu pampu ikulira. Dzanja likaterereka, paipi imavukira m'manja mwanu. Zimitsani, tsekani mpopi, ndiye mukonze.

Pomasula paipi pali msampha umodzi umene sudziwika. Mwazimitsa pampu, mwatseka mpopi, mukuganiza kuti zatha. Koma ngati nsonga ya pamwamba idakali yomira mu mphika, mukangomasula paipi m'munsi zotentha zimayamba kubwerera chambuyo kudzera pamwamba, monga mmene madalaivala amakokera mafuta mu thanki ndi paipi. Choncho mukatseka mpopi, tulutsani nsonga ya pamwamba ikhale pa mpweya, dikirani zizizireko, tcherani ndowa pansi, ndipo masulani nkhope ili kumbali. Mu paipi mumatsala zotentha ngakhale zonse zitazimitsidwa.

Za magetsi ndi za anthu

Magetsi a ESCOM akathima muli pakati pa ntchito, chinthu choyamba ndi kuzimitsa pampu pa khoma ndi kutseka mpopi. Mukaiwala, magetsi adzabwera inu muli panja, mwina paipi mutaimasula kale, ndipo pampu idzayamba yokha. Soketi ikhale pamwamba, pamene mungafikire osadutsa pafupi ndi mphika. Nthambo zolumikiza ndi pepala la pulasitiki zisagone pa simenti yonyowa.

Pogwira ntchito pagulu, mmodzi yekha ndi amene aziyatsa pampu ndi kutsekula mpopi tsiku limenelo, ndipo azinena mokweza asanatero. Mayi wobereka mwana kumbuyo asawerame pa mpopi. Mpatseni ntchito yotsuka mabotolo kapena yolemba za ndalama. Mnzathu amene amadwala khunyu tisamusale pa gulu, koma asakhale yekha pafupi ndi moto ndi mphika. Ana asewere kutali, ndipo pakhale wamkulu wowayang'anira. Patapata sateteza phazi. Ngati mwavala majombo, chovala chiphimbe kukamwa kwa jombo, chifukwa zotentha zikalowa mkati zimakhala momwemo n'kumaphika phazi mpaka mutavula.

Amene mumaziziritsa chakumwa ndi paipi yachitsulo yopotanapotana yomiza mu mphika, yodutsamo madzi ozizira, dziwani kuti madzi otuluka mbali inayo m'mphindi zoyamba amakhala otentha kwambiri. Nsonga imeneyo imangidwenso ndi kilampu, ndipo ikathirire mu ndowa yokhazikika.

Mukamaliza, tsukani mapaipi tsiku lomwelo ndi madzi ofunda ndi sopo, tsukuluzani bwino, ndipo apachikeni nsonga zonse zikuloza pansi kuti aume. Zotsalira za soya ndi shuga mu paipi zimaola n'kusasitsa chakumwa cha mawa, ndipo zikhoza kutsekula m'mimba ogula.

Wina akapsa

Chotsani munthuyo pamalopo, ndipo nthawi yomweyo thirani madzi ozizira, aukhondo, pa malo opsawo mosalekeza kwa mphindi 20. Mphindi 20 ndi zambiri, wina ayang'ane nthawi pa foni, chifukwa ambiri timaleka patangotha ziwiri. Ngati palibe mpopi, tungani ndi kapu mu ndowa n'kumathira. N'chifukwa chake ndowa ziwiri za madzi ozizira ziyenera kukhala pafupi musanasonkhe moto. Kuthira madzi kumathandizabe ngakhale patadutsa maola mpaka atatu. Vulani msanga zovala zonyowa ndi zotenthazo, mphete ndi zibangili, malo asanatupe, koma nsalu imene yamatirira pa chilonda musaikoke. Madzi oundana a mu fuliji ayi, amawononga khungu. Ngati ndi mwana, ziziritsani chilonda chokha, thupi lonse mulifunditse kuti asazizidwe, ndipo woyamwa apitirize kuyamwa.

Musapake mankhwala otsukira mano, dzira, mafuta ophikira, mchere, dothi, phulusa kapena zitsamba. Zimenezi zimalowetsa tizilombo, ndipo a chipatala amayamba ndi kuzipala pa chilonda, ululu wake wosaneneka. Matuza musawaboole. Phimbani ndi nsalu yoyera yochapa bwino, yopanda ubweya, mosamanga kwambiri.

Pitani ku chipatala tsiku lomwelo ngati wopsayo ndi mwana kapena wokalamba, ngati chilonda chaposa chikhatho cha mwini wake, ngati chili kumaso, m'manja, ku mapazi, kumaliseche kapena popindikira mfundo, ndiponso ngati khungu layera kapena lauma ngati chikopa. Chilonda chotere nthawi zina sichipweteka, osati chifukwa ndi chaching'ono, koma chifukwa chapsa mpaka mitsempha yomvera ululu.

Zochita pa msonkhano wotsatira

Amayi apampando, pemphani kuti mphika wa gulu ubwere ku msonkhano pamodzi ndi mapaipi ake onse ndi sikuludiraiva. Werengani malo olumikizira, muwerengenso makilampu, muone ngati zikufanana. Mayi aliyense amasule ndi kumanga kilampu ndi manja ake kamodzi, kuti ntchitoyi isamadikire bambo wa kunyumba kapena mnyamata wa pa gulosale. Kenaka tenthetsani madzi, muyese monga tafotokozera, ndipo mlembi alembe m'buku la gulu tsiku limene paipi inagulidwa ndi dzina la mayi amene aziyang'anira mpopi pa kuphika kotsatira.